Musanagule masipika ena, yambani mwakonza pabalaza panupo

Anthu ambiri nyimbo zikamamveka moipa mnyumba amathamangira kunena kuti wailesi ndi yachabechabe, kapena sabufa, sipika ya besi ija, ndi yaing'ono, ndiye amayamba kusunga ndalama zoti akagule ina yamawatsi ambiri. Koma dziwani kuti mukawirikiza kawiri mphamvu ya amplifaya, mawu amangokwera ndi ma dB atatu okha basi (dB ndi muyeso wa kukwera kwa mawu), pomwe chipinda pachokha chimatha kukweza kapena kumeza mawu ena a besi ndi ma dB 10 olo kupitirira, kutengera ndi pomwe mwaika sipika komanso pomwe mwakhala inuyo. Ndiye zomwe makutu anu akumva si sipika yokha ayi, mbali yaikulu ndi makoma, pansi, denga ndi mawindo zikubweza mawu. Nyumba zathu zambiri pansi ndi simenti kapena matailosi, makoma ndi njerwa zopulasitala, pamwamba malata, nthawi zina opanda siling'i, zonsezi ndi zolimba ndipo sizimeza mawu olo pang'ono. Zomwe ndikufotokoze apazi zambiri ndi zaulere, zimangofuna tepi yoyezera, kalilole, munthu mmodzi wokuthandizani ndi Loweruka limodzi masana.

Ndigwiritsa ntchito chitsanzo cha pabalaza potalika mamita 4.5 ndi mulifupi mamita 3.5, inuyo musinthe manambala malinga ndi panu.

Yambani ndi mawaya

Ichi nchachangu koma osachidumpha. Onani kuseri kwa amplifaya ndi kuseri kwa sipika iliyonse, waya wofiira apite pofiira, wakuda pakuda, mbali zonse ziwiri. Sipika imodzi ikalumikizidwa mopingasa, iyo ikamakankha mpweya inzakeyo imakhala ikukoka, ndiye besi imasowa ndipo mawu a woimba amamveka ngati akuchokera paliponse, osadziwika pomwe ali. Ngati mawaya anu alibe mitundu, chotsani waya ku amplifaya, mugunditse pa batire la tochi la 1.5 V kwa kanthawi kochepa kwambiri mukuyang'ana sipika. Ikatulukira kunja ndiye kuti waya womwe wagunda ku + kwa batire ndi wa +. Ikani kachizindikiro. Onaninso kuti ya kumanzere ili kumanzere, ndipo bwezani mabatani a bass ndi treble pakati, muzimitsenso zonse zowonjezera besi, kuti muyambe kumva zoona zake.

Kenako ombani mmanja

Imani pakati pa chipinda, zitseko zotseka, ombani mmanja kamodzi mwamphamvu nkumvetsera. Mukamva kamawu kakuti trrrr kakutsatira, ndiye kuti mawu akungodumphadumpha pakati pa makoma awiri oyang'anizana opanda kanthu. Mukamva mawu akuchedwa kutha ngati muli mtchalitchi chopanda anthu, chipinda chanu chili ndi zolimba zambiri. Yendani muombe mmalo osiyanasiyana, ndipo musunge mmutu mmene zikumvekera panopa chifukwa mudzayerekeza kumapeto.

Nkhani yoyeza nthawi yomwe mawu amatenga kuti athe mchipinda anaiyamba ndi Wallace Sabine wa ku yunivesite ya Harvard ku America. Mu 1895 anamupatsa ntchito yokonza holo yophunzitsira ya ku Fogg Art Museum komwe mawu ankakhalitsa masekondi opitirira asanu moti ophunzira samamva zomwe mphunzitsi akunena, iye ankanyamula makushoni a mipando usiku kuchokera ku Sanders Theatre, holo ina ya pa yunivesite pomwepo, nkumawaika mholomo, akuyeza ndi wotchi mmene mawu akufupikira. Zomwe anapezazo ndi zomwe anagwiritsa ntchito pa Symphony Hall ya ku Boston yomwe inatsegulidwa mu 1900. Pabalaza pomvera nyimbo timafuna mawu azitha pasanakwane theka la sekondi, cha mma 0.3 mpaka 0.5, ndipo njira yake ndi yomweyo ya makushoni ija, zofewa zokhuthala.

Pezani pokhala musanasunthe sipika

Apa ndi pomwe pagona nkhani ndipo ndichedwapo pang'ono. Mawu amayenda mamita 343 pa sekondi. Funde la mawu a besi ndi lalitali kwabasi, la 100 Hz (Hz ndi kuchuluka kwa mafunde pa sekondi, nambala ikachepa ndiye kuti mawu ndi otsika) ndi mamita 3.4, la 50 Hz likuyandikira mamita 7, kutanthauza kuti ndi lalitali kuposa chipinda chanu. Ndiye likamenya khoma nkubwerera limakumana ndi linzake lomwe likubwera, pena amaphatikizana pena amafafanizana. Zili ngati madzi mu beseni mukaligwedeza, mmbali madzi amakwera nkutsika kwambiri koma pakati penipeni sasuntha kwenikweni. Besi mchipinda imatero, kumakoma imachuluka mpaka kumangoti buuu, pakati penipeni imasowa.

Mutha kuwerengetsa nokha mawu omwe chipinda chanu chimawakokomeza. Tengani 343 mugawe ndi kutalika kwa chipinda kuchulukitsa kawiri. Pa mamita 4.5 ndi 343 kugawa ndi 9, zikupereka 38 Hz, ndipo zimabwerezanso pa 76 Hz. Pa mamita 3.5 ndi 49 Hz. Tsono nsambo yotsika kwambiri ya gitala ya besi ya nsambo zinayi imalira pa 41 Hz, mukuona kuti zili dera lomwelo, nchifukwa chake mu nyimbo ya reggae mumamva noti imodzi ikugwedeza nyumba pomwe yotsatira yake simukuimva nkomwe. Woimbayo sanalakwitse, ndi chipinda. Ndipo chipinda chofanana mbali zonse, monga mamita 3.5 kwa 3.5, ndiye chovuta kwambiri chifukwa mbali ziwiri zonse zikukokomeza noti imodzi yomweyo.

Ndiye malo awiri oti muwapewe ndi awa, pakati penipeni pa chipinda, ndi kutsamira khoma lakumbuyo. Ndikudziwa kuti kwathu sofa imakhala yogunda khoma, ndi mmene tinazolowera komanso malo amachepa, koma mutu ukakhala masentimita 20 kuchokera kukhoma umalandira besi yonse younjikana kuphatikizapo mawu obwerera kuchokera kumbuyo. Poyambira pabwino pomwe anthu okonza masitudiyo amakonda ndi pa 38 pa 100 ya kutalika kwa chipinda, kuyeza kuchokera kutsogolo kapena kumbuyo. Pa mamita 4.5 ndi mamita 1.7 kuchokera kukhoma lakumbuyo. Si lamulo, ndi poyambira chabe. Ngati sizingatheke kuti sofa ikhale pamenepo chifukwa anthu azisowa podutsa, ikokeni olo theka la mita, kapena khalani ndi mpando umodzi wopepuka womwe muziukokera pamalopo nthawi yomvera nyimbo, mukamaliza nkuubweza.

Masipika ayang'ane mlitali mwa chipinda, ndiye kuti akhale kukhoma lalifupi, ndipo inu mukhale pakati pa makoma a mmbali, kumanzere ndi kumanja kufanane.

Tsopano masipika

Inu ndi masipika awiri mupange makona atatu otalikirana pafupifupi mofanana. Mchipinda chathu chija, masipika atalikirane mamita 2.2, kutsogolo kwake kukhale theka la mita kuchokera kukhoma, ndiye kuchokera pa sipika iliyonse kufika pamutu panu pakhala mamita pafupifupi 2.5, zili bwinobwino. Chachikulu nchakuti mtunda wa kumanzere ndi wa kumanja ufanane ndendende, yezani ndi tepi kapena chingwe osati ndi maso. Kusiyana kwa masentimita 34 kumapangitsa mawu a sipika imodzi kufika msanga ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, zikuoneka zochepa koma ubongo umathamangira komwe mawu ayamba kufika, woimba yense amasamukira mbali imeneyo.

Katwita, kasipika kakang'ono ka mawu opyapyala kaja, kakhale mulingo wa makutu anu mutakhala pansi, pa sofa nthawi zambiri ndi cha mma masentimita 90 mpaka mita imodzi. Mawu opyapyala amayenda molunjika, sakhota ngati besi, ndiye sipika yoikidwa pansi imaimbira miyendo ndipo yopachikidwa pafupi ndi denga imaimbira pamwamba pa mitu. Ngati mulibe masitandi, mabuloko a simenti osanjikiza amagwira ntchito bwino kwambiri chifukwa ndi olemera sanjenjemera, ingoyalani kalabala kapena kansalu pamwamba. Zomwe sindikufuna muchite ndi kulowetsa masipika mkati mwa kabati ya magalasi limodzi ndi mbale ndi matambula, kapena kuwakankhira mkati mwa shelefu ya TV. Kabati yonse imayamba kulira nawo. Ngati palibe kuchitira mwina akhale pa shelefu, akokereni kutsogolo mpaka nkhope ya sipika ifanane ndi mlomo wa shelefuyo.

Onani kumbuyo kwa sipika ngati kuli bowo lotulukira mpweya. Ngati lilipo, siyani mpata wa masentimita 15 kapena 20 kuti lizipuma. Khoma lililonse lomwe sipika yayandikira limawonjezera besi, pakona ndiye imachuluka zedi koma imakhala yosalongosoka, ndiye musaike pakona pokhapokha masipika anu ndi ang'onoang'ono osowa besi. Muyesetsenso kuti mtunda wa kukhoma lakumbuyo kwa sipika usafanane ndi wa kukhoma lammbali.

Mukatero apotozeni pang'ono ayang'ane kwa inu. Ikani nyimbo yomwe mumaidziwa bwino, ya munthu mmodzi akuimba ndi zida zochepa, tsinzinani. Zikakhala bwino mawu a woimba amaima pakati penipeni pomwe palibe sipika, gitala uku, kiyibodi uko, ndipo masipika eniakewo mumaiwala kuti alipo. Izi ndi zomwe injiniya wa ku England Alan Blumlein ankafuna pomwe analembetsa luso la stereo, mawu a kumanzere ndi kumanja aja, mu 1931, ndipo zimandipweteka kuti anthu ambiri ali ndi zida zabwino koma sanazimvepo chifukwa masipika onse awiri anawagundanitsa pansi pa TV. Woimba akamamveka wotambasuka, pakati ngati pali dzenje, yandikizani masipika kapena apotozeni kwambiri. Zonse zikaunjikana pakati, atalikitseni. Mawu akamabaya mmakutu, achepetseni kupotoza. Sunthani chinthu chimodzi pa nthawi, masentimita 5 kapena 10, nkumvera nyimbo yomweyo.

Amene muli ndi home theatre ya masipika asanu, kapakati kakhale pansi kapena pamwamba pa TV, awiri kutsogolo monga tanenera, awiri enawo mmbali mwanu chakumbuyo pang'ono komanso pamwamba pang'ono pa makutu. Osawandandalika onse asanu kutsogolo.

Sabufa

Makutu athu savutika kudziwa komwe mawu opyapyala akuchokera, koma pansi pa 80 Hz amalephera, nchifukwa chake sabufa mutha kuiika pena paliponse pomwe ikumveka bwino, sikuti mpaka pakati. Njira yopezera malo ake ndi iyi. Nyamulani sabufa muiike pampando pomwe mumakhala, pamwamba penipeni. Ikani nyimbo ya besi yoyendayenda, osati ya noti imodzi. Kenako inuyo gwadani, mutu pafupi ndi pansi, muzikwawa mmbali mwa makoma akutsogolo ndi mmbali mukumvetsera. Pena mumva buuu yekhayekha, pena besi palibe, koma pali malo ena pomwe noti iliyonse ikumveka payokha ndi mphamvu yofanana. Ikani chizindikiro pamenepo, sabufa ipite pamenepo, inu mubwerere pampando. Zimatheka chifukwa njira ya mawu ndi imodzi, kuchoka uku kupita uko kapena kubwerera.

Ngati sabufa yanu ili ndi batani la crossover, lomwe limaika malire a mawu omwe sabufa iziimba, yambirani pa 80 Hz, masipika akakhala ang'ono kwambiri kwezani cha mma 100 kapena 120, koma mukakweza choncho sabufa ikhale kutsogolo pafupi ndi masipika. Batani la phase, lomwe limagwirizanitsa kukankha mpweya kwa sabufa ndi kwa masipika, yesani 0 ndi 180, musiye pomwe besi ikumveka yodzadza muli pampando. Voliyumu yake kwezani mpaka muyambe kuizindikira kuti iyo ili apo, kenako bwezani pang'ono. Ma seti ambiri otchipa aja omwe amplifaya ili mkati mwa sabufa momwemo mawaya amakhala aafupi, waya wa sipika mutha kulumikiza wina wautali bwinobwino bola ukhale wokhuthala komanso mulumikize molimba.

Kalilole ndi zofewa

Mawu akachoka mu sipika ena amabwera molunjika kwa inu, ena amamenya khoma lammbali kaye nkufika mochedwa pang'ono, ndipo amenewa ndi omwe amasokoneza kwambiri. Kuti mupeze pomwe akumenya, khalani pampando wanu, mnzanu atenge kalilole amugundike kukhoma mulingo wa makutu anu nkumamuyendetsa. Pomwe mwaona sipika mkalilolemo, aikepo chizindikiro. Khoma lililonse lipereka malo awiri, a sipika iyi ndi inayo. Pansi napo chimodzimodzi, ndi pakati pa inu ndi masipika, ndiye kapeti yokhuthala ipite pamenepo osati pansi pa sofa. Tebulo la galasi lapakati lija limabweza mawu koopsa, lisuntheni kapena liyaleni nsalu yokhuthala.

Pamawindo ikani makatani olemera, ndipo nsalu ikhale yochuluka kawiri kuposa kukula kwa windo kuti ipindikepindike, isagunde galasi. Kukhoma lakumbuyo kwanu shelefu ya mabuku osafanana kukula imathandiza kumwaza mawu. Sofa ya nsalu imameza bwino kuposa ya chikopa. Mkeka kapena mphasa yopachika kukhoma imachotsako ka trrrr kaja, makamaka mukaika bulangete kuseri kwake.

Koma tiuzane zoona, zopyapyala zimangomeza mawu opyapyala. Funde la 10,000 Hz ndi masentimita 3.4 okha ndiye katani imaligwira, koma la mamita 3 limangodutsa. Mathireyi a mazira omwe anthu amakhoma mmasitudiyo a mmakwalala sathandiza besi, satsekereza phokoso kupita kwa aneba, amasunga fumbi ndi mphemvu komanso sachedwa kugwira moto. Matiresi akale a siponji nawonso pa moto ndi oopsa, samalani. Ndipo mukadzadza chipinda chonse ndi zopyapyala mupeza kuti nyimbo zafa kumwamba koma buuu uja ali pomwepo, zomwe ndi zoipa kuposa poyamba.

Ngati muli ndi kandalama, pitani kwa kalipentala akupangireni mafelemu a matabwa a masentimita 60 kwa 120, kukhuthala masentimita 10. Mkati muike rockwool kapena fibreglass, zija amaika mu siling'i zotchinga kutentha, zimapezeka mmashopu akuluakulu a zomangira. Pozigwira valani magolovesi, malaya a manja aatali ndi chotseka pamphuno chifukwa zimayabwa. Kutani ndi nsalu yoti mukaiuzira mpweya ukudutsa, chitenje cha thonje chochapidwa chimatha ndipo chimakongoletsa pabalaza. Anayi akukwanirani poyamba, awiri pa zizindikiro za kalilole zija, imodzi khoma lililonse lammbali, awiri kukhoma lakumbuyo kwa mutu wanu makamaka ngati sofa yakanika kusuntha. Mukasiya mpata wa masentimita 5 mpaka 10 pakati pa felemu ndi khoma amameza mawu otsikirapo. A besi enieni amaikidwa mopingasa pamakona, kuyambira pansi kukwera, ndipo pamenepo kukhuthala ndi komwe kumagwira ntchito. A lendi musadandaule za kuboola khoma la landilodi, mutha kungowatsamiritsa kapena kuwapangira miyendo.

Sakani zonjenjemera

Tsitsani pa foni ka app kotulutsa mawu a noti imodzi, mulumikize ku wailesi, voliyumu yapakatikati, muyambe pa 30 Hz kukwera pang'onopang'ono mpaka 200 Hz. Mumva zinthu zikuyankha chimodzichimodzi, magalasi a windo, mbale mkabati, chithunzi chapakhoma, chitseko, lata lomwe msomali wake unamasuka. Chilichonse chipatseni kalabala, kapepala kopinda kapena msomali watsopano. Nyumba yopanda siling'i malata amalira nawo ndipo mvula ikagwa nyimbo zatha, ndiye ngati nyumba ndi yanu siling'i ndi chinthu choyamba choti musungire ndalama, patsogolo pa sipika ina iliyonse. Pomwe mukukweza manotiwo mumvanso pomwe mawu akukwera okha ndi pomwe akuzimirira, yerekezani ndi manambala munawerengetsa aja. Okonda kuyeza ndi kompyuta pali pulogalamu yaulere ya REW, imafuna maikolofoni yoyezera monga UMIK-1, imakujambulirani zonse. Mukafuna kugwiritsa ntchito equalizer, mabatani okweza kapena kutsitsa manoti ena ndi ena aja, tsitsani manoti omwe akuchuluka, koma omwe akuzimirira musalimbane nawo powakweza, mungotopetsa amplifaya ndi kuotcha sipika, amenewo mankhwala ake ndi kusuntha mpando kapena sabufa.

Mukamva kulira kwa mmmm kosalekeza olo nyimbo zisakuimba, kawirikawiri ndi 50 Hz ya magetsi ikulowerera. Lumikizani TV, dikoda ndi amplifaya pa ekisitenshoni imodzi, ndipo mawaya a mawu asayende mophatikizana ndi a magetsi.

Za aneba ndi makutu anu

Kumeza mawu mkati mwa chipinda ndi kutsekereza mawu kuti asatuluke ndi ntchito ziwiri zosiyana. Mafelemu ndi makatani amakonza zomwe inu mukumva, koma besi imadutsabe khoma. Chotsekereza ndi kulemera kwa khoma ndi kutseka mipata, pansi pa chitseko, mmawindo, ndi pamwamba pa khoma pomwe nyumba zogundizana zimagawana denga limodzi. Ngati mumakhala nyumba zoterezi chotsani sabufa kukhoma lomwe mwagawana ndi aneba, iikeni pa labala wokhuthala, ndipo usiku itsitseni, kuseri kuja kuli mwana akugona kapena munthu wolawira ku ntchito. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapitirire ma dB 80 kwa maola 40 pa sabata, ndipo ngati mukuchita kukuwa kuti munthu yemwe mwakhala naye pa sofa akumveni ndiye kuti mwapitirira. Chipinda chikakonzedwa mupeza kuti simukufunanso kukweza kwambiri chifukwa mawu a woimba akumveka kale bwinobwino.

Mukamaliza zonse ombaninso mmanja pamalo aja, mumvere nyimbo zitatu kapena zinayi zosiyana, ya kwaya, ya besi yambiri, ya gitala yokha, ndipo mukhale nazo masiku angapo musanasinthenso kanthu chifukwa makutu amafuna kuzolowera. Mukakhutira, matani tepi pansi kuzungulira makona a sipika iliyonse, sabufa ndi miyendo ya mpando, kuti tsiku lokolopa aliyense wa mnyumbamo azidziwa pobwezera.